KHASU, PULAO NDI THIRAKITALA: MBIRI YA ZITSULO ZOCHIPA

Munthu akagwira nchito zaka zambiri pansi pa mgodi ku Nkana, ku Mufulira kapena ku Nchanga, tsiku lifika lakuti alandire ndalama zace zopumira nchito. Ambiri a anthu otere mtima wao uli ku munda. Wina ali ndi malo ace ku Mpongwe, wina ku Mkushi, wina afuna kubwerera kwao ku Katete kapena ku Petauke. Tsono pofika mu Lusaka apeza masitolo odzala ndi zitsulo zolimira zokokedwa ndi thirakitala, zocokera ku India, ku China, ku Pakistan ndi ku Turkey, zopakidwa utoto wofiira ndi wobiriwira, ndipo mtengo wace uli pansi kwambiri poyerekeza ndi zitsulo za ku Ulaya. Funso limene libvuta munthu wotere ndi lakuti: kodi zitsulo zochipazi ziyenera munda waung'ono, kapena zingomdyera ndalama za ukalamba wace?

Funsoli si lacilendo m'dziko lino. Labwera kangapo m'zaka zoposa 100 zapitazi, nthawi iri yonse libwera ndi citsulo ca mtundu wina. Mbiri ya zitsulozi iri ndi mayankho ace, ndipo ena mwa mayankhowo anagulidwa ndi ndalama zambiri.

KHASU LA NG'ANJO NDI KHASU LA M'SITOLO

Azungu asanafike, makasu anali kusulidwa kuno komwe. Amisiri anali kukumba miyala ya citsulo, naisungunula m'ng'anjo za dothi ndi makala, nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Pamene David Livingstone anayenda m'cigwa ca Shire mu 1859, anapeza Amang'anja alikusungunula citsulo ndi kusula makasu abwino. Kumpoto kwa dziko lino Alungu ndi Amambwe anachuka ndi nchito yomweyo. Khasu linali cuma. Munthu anali kugula nalo mbuzi, kulipira nalo mlandu, ndipo m'mitundu yina linalowa pa nkhani za ukwati. Polima nalo anali kulisamala kufikira litatsala kacidutswa, ndipo kacidutswako kanabwerera kwa wosula kuti akasandutse kansompho kapena mpeni.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 masitolo a Azungu ndi a Amwenye anayamba kugulitsa makasu opangidwa m'mafakitale a ku England. Lochuka mwa iwo linali khasu la kampani ya Chillington ya ku Wolverhampton, lokhala ndi cizindikiro ca ng'ona. Khasu la m'sitolo linali lochipa poyerekeza ndi nchito ya ng'anjo, pakuti kusungunula citsulo kunafuna amuna ambiri, makala ambiri ndi masiku ambiri. M'mbadwo umodzi wokha ng'anjo zinazima m'madera ocuruka, ndipo luso la kusungunula linapita pamodzi ndi eni ace.

Pano citsulo cochipa cocokera kunja cinapambana, ndipo alimi sanacite cisoni pocigula. Zifukwa zace ziri poyera. Khasulo linali la citsulo colimba. Linalibe ciwalo cozungulira cimene cingathyoke. Mpini wace mlimi anali kusema yekha ku chire, ndipo likabuntha anali kulinola pa mwala. Linali lochipa pa tsiku logula, nilikhalabe lochipa zaka zonse za nchito yace.

PULAO YA NG'OMBE

Pulao nayo iri ndi mbiri yophunzitsa. Ku America, alimi amene anasamukira ku zigwa za Illinois anatenga mapulao a citsulo cosungunula amene anagwira bwino nchito m'nthaka ya mcenga kum'mawa kwa dzikolo. Koma nthaka ya ku Illinois inali yakuda ndi yomata, kotero kuti mlimi anali kuima kawirikawiri kupala dothi pa pulao. Mu 1837 wosula zitsulo wina, dzina lace John Deere, wa pa mudzi wa Grand Detour, anapanga pulao ya citsulo cosalala cimene dothi silinamatepo. Pulao yakale ija sinali yoipa ai, koma inapangidwira nthaka yina. Nzeru imeneyi, yakuti citsulo ciyenera kulingana ndi nthaka, idzaonekanso kutsogolo m'mbiri ino.

M'dziko lino pulao ya ng'ombe inazika mizu poyamba pakati pa Atonga. Mu 1905 Bambo Joseph Moreau, wansembe wa Cijezuiti wocokera ku France, anatsegula mishoni ya Chikuni pafupi ndi Monze, ndipo anaphunzitsa anthu kumanga ng'ombe m'goli ndi kulima nazo. Atonga anali ndi ng'ombe zambiri, dziko lao la pamtunda linalibe kashembe, ndiponso njanji inapita pakati pao. Pamene migodi ya mkuwa inakula kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anchito a pa migodi anafuna cimanga cambiri, ndipo mlimi wa ku Mazabuka kapena ku Choma anaona kuti pulao ibweza mtengo wace. Anthu anagula mapulao ndi ndalama zao, popanda wowakakamiza.

Kum'mawa zinthu zinacedwa. Angoni a Mpezeni analandidwa ng'ombe zikwi zambiri pa nkhondo ya 1898, ndipo Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inali kutali ndi njanji. Mu 1948 Boma linayamba kumeneko cikonzero cochedwa Peasant Farming Scheme. Mlimi wosankhidwa anapatsidwa malo, nakongozedwa ng'ombe, pulao ndi zipangizo zina, kuti azibweza pang'onopang'ono pogulitsa cimanga ndi nshawa. Alimiwo anali ocepa poyerekeza ndi anthu onse a m'cigawoco, koma anansi ao anaona, ndipo pulao ndi ngolo zinafalikira m'midzi ya Acewa, Angoni ndi Ansenga.

Mapulao amenewa nao anali ocokera kunja, ambiri ku South Africa ndi ku Bulawayo, kumene kampani imene lero ichedwa Zimplow inayamba nchito mu 1939. Cimene cinawakondetsa kwa alimi ndi ici: mpeni wa pulao ukatha, kapena gudumu likaonongeka, mlimi anali kukwera njinga kupita ku sitolo ya pafupi nagula cina cofanana ndendende. Pulao imodzi inatha kutumikira bambo, mwana ndi mdzukulu, cifukwa ziwalo zace zinali kupezeka.

NZERU YA HARRY FERGUSON

Mathirakitala oyamba anali kukoka pulao ndi unyolo kapena mtanda, monga zicitira ng'ombe. Pulao ikakodwa pa citsa kapena mwala, thirakitala inali kudzuka kutsogolo ndi kugubudukira cagada, ndipo oyendetsa ambiri anafa imfa yotere. Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa kumpoto kwa Ireland, anatha zaka zambiri alikufuna mankhwala a bvutoli. Anapeza njira yomangira pulao ku thirakitala pa malo atatu, awiri pansi ndi amodzi pamwamba, kotero kuti ziwirizo zikhala ngati thupi limodzi. Mphamvu ya mafuta opopedwa ikweza ndi kutsitsa pulao, ndipo kulemera kwa nthaka yolimidwa kupanikiza magudumu a kumbuyo kuti agwire pansi. Ndi nzeru imeneyi thirakitala yaing'ono ndi yopepuka inatha kugwira nchito imene kale inafuna cimakina colemera.

Mu 1938 Ferguson anapangana ndi Henry Ford mwa kugwirana canza cabe, ndipo mu 1939 thirakitala ya Ford yokhala ndi nzeru ya Ferguson inaturuka ku America. Kuyambira 1946 kufikira 1956 fakitale ya ku Coventry ku England inapanga thirakitala yaing'ono yotuwa yochedwa TE20, ndipo anapanga oposa 500,000. Mu 1953 kampani ya Ferguson inaphatikana ndi ya Massey-Harris ya ku Canada, ndipo m'menemo munaturuka dzina la Massey Ferguson limene alimi a kuno alidziwa bwino.

Ferguson sanali kugulitsa thirakitala yokha. Anapanga pulao, cophwanyira zibuma, cokwezera mizere ndi ngolo zolingana ndi mphamvu ndi msinkhu wa thirakitala yace, naphunzitsa ogulitsa ndi amakaniko ace. Pambuyo pace opanga mathirakitala onse anatsata njira ya malo atatu ija, napangana za miyeso yace. Cifukwa ca ici pulao yosulidwa ku India lero ikhoza kumangidwa ku thirakitala yopangidwa ku England zaka 50 zapitazo. Msika wonse wa zitsulo zochipa waima pa nzeru ya munthu ameneyu.

NSHAWA ZA KU KONGWA

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha, ku Britain kunali kusowa mafuta ophikira. Mu 1946 Frank Samuel, mkuru wa United Africa Company, anapereka ganizo lakuti Boma la Britain lilime nshawa, zimene ena ati mtedza, ndi makina m'maiko ace a mu Afrika. Cikonzeroco cinalembedwa: maekala 3,210,000, ogawidwa m'minda 107 ya maekala 30,000 uli wonse. Minda 80 inayenera kukhala ku Tanganyika, 10 ku Kenya, ndipo 17 kuno ku Northern Rhodesia.

Nchito inayamba mu 1947 pa Kongwa, m'dziko la Agogo, kum'mawa kwa Dodoma. Makina atsopano anali osowa pa dziko lonse, tsono akuru a nchitoyo anagula makina ogwetsera mitengo amene asilikali a America anasiya nkhondo itatha, ena mwa iwo ku zilumba za Philippines. Anali ochipa, koma anali atatopa kale ndi nchito ya nkhondo, ndipo masipeya ace sanabwere nao. Miyezi yowerengeka itapita, ocuruka a makinawo anali ataima. Pambuyo pace kampani ya Vickers inatenga akasinja a nkhondo ochedwa Sherman niwasandutsa mathirakitala, nawacha Shervick, koma nao sanapirire.

Chire la ku Kongwa linali la minga yolukana ndi mizu yolimba. Anapeza njira yoligwetsera pokoka unyolo wa nangula wa sitima ya pamadzi pakati pa makina awiri, koma mizu inatsala m'nthaka nithyola zitsulo zozulira. Nthakayo inali ya mcenga wakuthwa wosakanizika ndi dongo. Inadya mbale za mapulao monga mwala wonolera udya mpeni, ndipo m'cirimwe inauma ngati njerwa, kotero kuti nshawa zinakanika kukumbidwa. Caka coyamba anafuna kutsegula maekala 150,000, koma anatsegula monga 7,500 cabe. Mvula nayo inali yocepa, cinthu cimene Agogo anacidziwa kuyambira kale, pakuti iwo anali kudyetsako ng'ombe. Mu January 1951 Boma la Britain linaleka nchitoyo, litataya mapaundi oposa 36 miliyoni. Minda 17 ya ku Northern Rhodesia ija sinatsegulidwe.

Pa Kongwa panasonkhana zolakwa zitatu: makina ochipa opanda masipeya, zitsulo zopangidwira nthaka ya maiko ena, ndi liwiro losayamba layesa pa malo ocepa. Boma lalikuru linapirira citayiko cimeneco. Munthu mmodzi wokhala ndi ndalama za penshoni akacita zolakwa zomwezo pa maekala ace khumi, alibe kwina kotenga ndalama zina.

MATHIRAKITALA A UFULU

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Mu January 1965, pa msonkhano waukuru ku Chifubu mu Ndola, Dr. Kenneth Kaunda anapempha anthu kuti apange magulu ogwirizana, makoparetivu, ndipo analonjeza thandizo la Boma. Anthu anayankha ndi cimwemwe. Magulu a ulimi anabadwa mazanamazana m'zaka zocepa. Boma linali kulipira ndalama pa ekala iri yonse yozulidwa zitsa, linapereka ngongole, ndipo magulu ambiri analandira mathirakitala ndi mapulao ace. Panalinso mathirakitala a Boma olimira anthu pa mtengo wocepa. Pa masiku amenewo mkuwa unali kugulidwa bwino, ndipo ambiri anaganiza kuti nthawi ya khasu ndi goli yatha.

Zimene zinatsata zidziwika kwa okalamba a m'midzi. Oyendetsa anaphunzitsidwa mofulumira. Amakaniko anali ku tauni, pamene thirakitala inafera ku mudzi wa mitunda yambiri kucokera pa mseu. Minda inali yaing'ono ndi yotalikirana, kotero kuti dizilo wambiri anathera pa ulendo. Zitsa zotsala zinapinda zitsulo. Thirakitala imodzi inadikiridwa ndi mabanja ambiri, ndipo amene anali kumapeto kwa mndandanda anabzala Khirisimasi itapita, pamene mnansi wao wa ng'ombe ziwiri anali atayamba kupalira. René Dumont, katswiri wa ulimi wa ku France amene anaitanidwa kudzaona ulimi wa dziko lino mu 1967, analangiza kuti mlimi wamng'ono athandizidwe ndi ng'ombe ayambe, thirakitala ibwere pambuyo. Ngongole zambiri sizinabwezedwe, ndipo bungwe lokongoza la Credit Organisation of Zambia linatsekedwa mu 1970.

Mabvuto a kunja anaonjezera. Mu November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia popanda cilolezo ca Britain, ndipo mu January 1973 malire a pa Zambezi anatsekedwa. Njira yakale yobweretsera zitsulo ndi masipeya kucokera kum'mwera inabvuta. Caka comweco ca 1973 mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse, ndipo mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa. Ndalama zogulira katundu kunja zinacepa. Mathirakitala anali atabwera kucokera ku maiko osiyanasiyana, ena monga mphatso, ena pa ngongole, mtundu uli wonse ndi ziwalo zacezace zosalowana ndi za unzace. Thirakitala yonse inatha kuima caka cathunthu cifukwa ca kaciwalo kokwana m'dzanja. Kuseri kwa maofesi a zaulimi kunadzala makina a dzimbiri, nkhuku zirikuikira mazira pansi pace.

KUBWERERA KU GOLI

M'zaka za m'ma 1980 Boma ndi maiko othandiza anatembenukiranso ku ng'ombe. Pa Palabana, pafupi ndi Lusaka, panakhazikitsidwa nchito yoyesa zipangizo za ng'ombe ndi kuphunzitsa alangizi, ndipo pa Kasisi Ajezuiti anaphunzitsa alimi ndi osula zitsulo a m'midzi. Koma ng'ombe nazo ziri ndi tsoka lace. Matenda ofalitsidwa ndi nkhupakupa, amene Atonga awacha denkete, anapha ng'ombe zosawerengeka ku cigawo ca kum'mwera m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo mabanja amene analima ndi pulao mibadwo itatu anabwerera ku khasu.

M'zaka zomwezo panaturuka citsulo cina cacing'ono pa malo ofufuzira za ulimi a ku Magoye. Ndi dzino limodzi la citsulo, lomangidwa pa mtanda wa pulao wamba. Silitembenuza nthaka yonse, koma ling'amba mzere wokha umene mbeu idzabzalidwamo. Mlimi akhoza kung'amba mizere m'cirimwe, mvula isanagwe, nabzala ndi mvula yoyamba. Citsuloci cinali cochipa, cinayesedwa m'nthaka ya kuno, ndipo wosula wa m'tauni iri yonse akhoza kucikonza. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba mu 1996, linacifalitsa pakati pa alimi. Pambuyo pace njira yomweyo inafika ku mathirakitala, ndipo eni mathirakitala ena anayamba kung'ambira anansi ao mizere pa malipiro. Kung'amba kutha dizilo wocepa kuposa kugaula munda wonse, ndipo nyengo yace ndi yaitali, pakuti sikudikira mvula.

ZITSULO ZA KUM'MAWA

Maiko amene agulitsa zitsulo zochipa lero anayamba monga ogula. Ku India, kampani ya TAFE inayamba mu 1960 ku Madras, imene lero ndi Chennai, kupanga mathirakitala a Massey Ferguson mwa cilolezo. Kampani ya Mahindra inalowa nchito ya mathirakitala mu 1963 mogwirizana ndi International Harvester ya ku America. Ku Pakistan, Millat Tractors ya ku Lahore ipanga mathirakitala a Massey Ferguson. Ku China kunafalikira kathirakitala ka magudumu awiri, kamene mlimi ayenda pambuyo pace, ndipo injini yace ikhoza kuyendetsanso cigayo, pampu ya madzi kapena makina opukusira cimanga. Maikowa ali ndi alimi ang'onoang'ono mamiliyoni, ndipo anaphunzira kupanga zitsulo zolingana ndi thumba la munthu wosauka.

Cotero dzina la dziko pa citsulo silinena kanthu za ubwino wace. M'maiko omwewo muli mafakitale akuru osamala dzina lao, mulinso timashedi topanga zitsulo zofanana maonekedwe, za citsulo cofewa, zopanda dzina la wopanga. Zonse zifika zopakidwa utoto wowala. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene anagwira makina oboolera mwala pansi pa mgodi adziwa kusiyana kwa citsulo cokhwimitsidwa ndi citsulo wamba, ndipo nzeru imeneyo ayenera kupita nayo ku sitolo.

Mbiri yonse yafotokozedwayi igawa zitsulo m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zitsulo zopanda ziwalo zambiri zozungulira: cong'ambira mizere, cokwezera mizere, copalira ca mano, ndi ngolo. Izi zifanana ndi khasu la ng'ona lija. Zikathyoka, woocherera wa ku Kitwe kapena ku Chipata azilumikiza tsiku lomwelo, ndipo mano ace agulidwa paokha. Pa gulu ili cochipa kawirikawiri cibweza ndalama zace, makamaka pa munda waung'ono pamene citsulo cigwira nchito masabata owerengeka pa caka.

Gulu laciwiri ndi la zitsulo zokhala ndi magiya, maunyolo ndi mabering'i: makina obzalira, cocekera udzu, cogaulira cozungulira, ndi copopera mankhwala. M'menemo ndimo wopanga wosakhulupirika abisa kucepetsa kwace, pakuti giya ya citsulo cofewa siioneka kunja. Ikadyeka, palibe woocherera angaipange. Makina obzalira oipa ali ndi coipa cina: sathyoka poyera, koma agwetsa mbeu mosalingana, ndipo mlimi azindikira cimanga citamera, nthawi yokonza itapita. Pulao ya mbale iri pakati pa magulu awiriwa. Mtanda wace ukhoza kukonzedwa, koma mbale zace zikakhala zopyapyala kapena zosakhwima, nthaka ya mcenga izidya monga inacitira ku Kongwa.

Wogula wanzeru afunsa zinthu zingapo asanaturutse ndalama. Ayamba ndi masipeya: apempha wogulitsa amuonetse ndi maso mbale, mano, mabering'i ndi mabauti a citsuloco pa shelefu, pakuti lonjezo lakuti zirikubwera pa sitima silinalimepo munda. Ayang'ana ngati mabering'i ali ndi nambala yodziwika imene ipezeka m'masitolo ena. Ayesa miyeso ya malo atatu aja, pakuti zikhomo za pansi za mathirakitala ang'ono ndi za mamilimita 22, pamene za okulirapo ndi za mamilimita 28. Alinganiza citsulo ndi mphamvu ya thirakitala: pulao ya mbale zitatu ifuna thirakitala ya mphamvu ya akavalo monga 60 kufikira 75. Ayang'ana kucindikala kwa citsulo ndi maocereredwe ace, nafunsa kulemera kwace, cifukwa pa zitsulo ziwiri zofanana, copepuka ndico cinamanidwa citsulo. Aonanso ngati pali bauti wotetezera, wopangidwa kuti aduke yekha citsulo cikagunda citsa, kuti cacikuru cipulumuke. Potsiriza afuna mlimi wina amene walima naco nyengo ziwiri kapena zitatu m'nthaka yonga yace, namfunsa.

MTENGO WENIWENI

Pali funso lina limene liyenera kutsogola onsewa, ndilo la kukula kwa munda. Banja lolima mahekitala awiri kapena atatu silingabweze mtengo wa thirakitala ndi zitsulo zace kucokera m'nkhokwe yace yokha, ngakhale zitsulozo zikhale zochipa cotani. Thirakitala idya ndalama ngakhale iri ciimire, pakuti matayala afwifwa ndi dzuwa ndipo batire ikutha. Amene apindula nayo ndi iwo amene aigwiritsa nchito caka conse: kung'ambira anansi mizere m'cirimwe, kututa cimanga pa nthawi yokolola, kunyamula mcenga ndi njerwa m'miyezi yina. Munthu wotere wasanduka wamalonda, ndipo citsulo cace cigwira nchito ya minda makumi. Kwa iye citsulo cofewa sicikhalitsa, ndipo kuonjeza ndalama pa citsulo colimba ndiko kusunga cuma. Kwa mlimi wa munda waung'ono amene safuna malonda amenewo, kulipira mwini thirakitala kapena kusunga ng'ombe ziwiri zosambitsidwa bwino m'mankhwala a nkhupakupa kukhoza kumsiyira ndalama za feteleza ndi mbeu.

Mvula ya dziko lino iyamba mu November, ndipo masiku abwino obzala cimanga ndi owerengeka. Liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi: wobzala mocedwa sampeza mnzace amene anabzala ndi mvula yoyamba, ngakhale athire feteleza wotani. Citsulo cikathyoka mu July, citayitsa mtengo wa kucikonza. Cikathyoka sabata ya kubzala, ndipo ciwalo cace ciri ku tsidya la nyanja, citayitsa cakudya ca caka conse. Mtengo weniweni wa citsulo uwerengedwa pa tsiku limenelo.

Khasu la ku Wolverhampton, pulao ya ku Bulawayo ndi dzino la ku Magoye zinali zochipa, ndipo zinakhazikika m'midzi cifukwa zinalingana ndi nthaka, ziwalo zace zinali pafupi, ndipo mwini wace anatha kuzikonza. Makina a ku Kongwa ndi mathirakitala a makoparetivu anafika pa mtengo wocepa, ena kwaulere, ndipo anathera m'udzu cifukwa zinthu zitatuzo zinasowa. Munthu wopuma nchito ya mgodi amene aima lero pakhomo pa sitolo mu Lusaka, ndalama za zaka 30 ziri m'thumba, ayenera kuyesa citsulo ciri conse ndi miyeso itatu yomweyo. Cikakwanira pa yonse itatu, agule, ngakhale cicokere ku dziko liti. Cikaperewera pa umodzi, asunge ndalama zace kufikira atapeza cina.